Mjomba wa Uladi

Che Bashiri anabadwira pa famu ya fodya kuseri kwa Penhalonga. Bambo awo anachoka ku Mangochi wapansi, kudzera ku Tete, ndipo mayi awo anatsatira patapita zaka ziwiri. Iwo eni ku Malawiko sanapondeko. Chimene ankadziwa ndi dzina la mudzi wa mayi awo basi, kwa Mtalika.

Anagwira ntchito ya ukhukhi kwa mzungu wa pafamupo zaka makumi atatu. Famu italandidwa mu 2001, amene anagawana minda anawauza kuti nthaka ndi ya eni dziko, Mabulandaya, anthu ochokera ku Malawi, akafunse kwawo. Che Bashiri anakweza mphasa ndi makina osokera pangolo n'kutsikira kutauni, ku lokeshoni ya Sakubva. Chitupa chawo chinali ndi chilembo A, kutanthauza mlendo, ndipo chilembo chimenecho chinawabweza pamzere wa voti, chinawabwezanso pofunsira malo omanga nyumba.

Akazi awo atamwalira anatsala ndi mwana wawo Nasima, wogulitsa kaunjika pamsika. Ntchito imene anthu ankawadziwa nayo inali yosambitsa maliro a amuna kumzikiti. Sankalandirapo kanthu, komanso sankakonda kuikamba.

Mu 2014 Nasima anawakakamiza kukapempha chitupa cha nzika, poti lamulo linali litasintha. Anaima pamzere katatu. Pafomu panali funso lakuti kodi ali ndi abale ku dziko lina, ndipo analemba kuti ayi, chifukwa sankadziwa wina aliyense. Anawauza kuti abwere kumapeto kwa mwezi.

Mwezi usanathe, Lachiwiri m'mawa, pakhomo panafika mwamuna wa Chishona dzina lake Tafara, mmodzi wa makorokoza okumba golide mobisa ku Penhalonga. Anakhala pansi n'kuwomba m'manja. Anati mnzake wokumba naye, Uladi, anafera m'mgodi dothi litamugumukira, ndipo tsopano panali patadutsa milungu isanu. Uladiyo anachokera ku Malawi, analowa kudzera m'mapiri a ku Mozambique opanda pepala lililonse. Thupi linali kumochale, ndipo Lachisanu akaidi akakwirira mitembo yonse yopanda eni m'dzenje limodzi, pokhapokha wachibale atakasaina.

"Mwakhala kuti milungu yonseyi?" anafunsa Che Bashiri.

"Mantha, Sekuru. Ine ndikapita, andifunsa za mgodi. Koma munthuyu ankapemphera ngati inu. Ndaona kuti sizili bwino."

"Kwawo anati n'kuti?"

"Ankati kwa Mtalika."

Che Bashiri anauza Nasima kuti ampatse mlendoyo tiyi.

Nkhaniyi anaikamba pakhonde la mzikiti atatha mapemphero a masana. Che Amiri, mwini golosale, sanadikire kuti amalize.

"Anthu amenewa ndi amene akutiipitsira mbiri," anatero. "Ife takhala kuno zaka zonsezi kupempha kuti atiwerengere ngati anthu. Iwo angodumpha phiri, n'kumagwira ntchito pa theka la malipiro. Apolisi akabwera kudzawasaka sasiyanitsa, amangomva Chinyanja n'kugogoda pakhomo panga."

"Pagolosale panu amagula ndani shuga ndi makandulo, si omwewo?" anayankha mkulu wina. "Ndipo bambo anu analowa ndi pasipoti yanji, Che Amiri? Ya mapazi?"

Ena anaseka pang'ono.

"Nthawi imeneyo ankatiitana, ntchito inalipo," anatero Che Amiri. "Lero ana athu omwe akuwoloka Limpopo kukasaka ntchito. Sanda yokulungira mtembo ndigula ine, zimenezo n'za Mulungu. Koma dzina langa silipita papepala la boma."

Onse anavomereza kusonkha za manda. Wosaina sanapezeke.

Kwa anthu a Che Bashiri mwana ndi wa kuchikazi. Amene amachokera mudzi umodzi ndi mayi ako ndi mbumba yako, ndipo maliro a mbumba mwini wake ndi mjomba, mchimwene wa mayi. Ofesi ya boma sizimenezo imafunsa, koma Che Bashiri ubale wina sankaudziwa.

Nasima anazindikira atangowaona akutulutsa jekete la pa Idi.

"Ababa, pafomu munalemba kuti kulibe m'bale. Mukasaina uko, mapepala awiriwa akakumana. Adzati munanama, kapena adzati mumasunga olowa mozemba."

"Polemba paja sindinkamudziwa."

"Ngakhale lero simukumudziwa. Nkhope yake munaiona? Ine ndatha nsapato pamizere ija chifukwa cha inu. Mukufuna kufa ndi chilembo chomwechi?"

"Mwina nditero, mama. Koma ine ndikadzafa adzandisambitsa, adzandigoneka moyang'ana koyenera. Uyu amutaya ngati galu wogundidwa ndi lole, pomwe mjomba wake ali mtunda wa basi imodzi."

Nasima anadzuka. Anatenga mtolo wake n'kupita kumsika.

Lachitatu Che Bashiri anapita kupolisi, kenako kumochale. Kalaliki wa kumeneko anatembenuza chitupa chawo kawiri.

"Womwalirayu ndi ndani wanu, Sekuru?"

"Mbumba yanga. Ndine mjomba wake."

"Ndiye kuti mayi ake ndi mlongo wanu?"

"Mayi ake ndi mayi anga mudzi wawo ndi umodzi."

Kalaliki anawayang'ana kwanthawi, n'kulemba ubalewo ndi liwu limodzi lachingerezi, kenako anakopera nambala ya chitupa chawo m'buku lalikulu. Che Bashiri anasaina pang'onopang'ono, chilembo chilichonse pachokha, monga anaphunzirira polemba mndandanda wa zogula za kukhitchini.

Uladi anamusambitsa Lachinayi m'mawa. Anali munthu wa zaka ngati makumi atatu, wamfupi, wa mapewa otambalala. Dothi lofiira linali likadali m'zikhadabo ndi m'makutu, ndipo Che Bashiri analichotsa ndi kamtengo kokulunga thonje, chala ndi chala, kuyambira dzanja lamanja. Sanda anagula Che Amiri monga analonjezera. Anaidula ndi Nasima, usiku usanagwe dzulo lake, osalankhula ndi bambo ake. Kumanda kunafika amuna khumi ndi anayi. Tafara anaima chapatali, chipewa chili m'manja.

Kumapeto kwa mwezi Che Bashiri anabwerera ku ofesi ya zitupa, Nasima ali pambuyo. Asanafunsidwe kanthu, anauza mayi wa pawindo kuti yankho lina pafomu yawo lasintha, m'bale wa ku Malawi anapezeka. Nasima anatseka maso. Mayi uja anachotsa fomu ija pamulu, nati ayambirenso, ndipo abweretse kalata yochokera ku Harare yotsimikiza kuti si nzika ya Malawi.

Ku Harare sanapite. Maondo anali atayamba kukana, ndipo maliro ku Sakubva sankatha. Anamwalira mu 2019 chitupa chawo chisanasinthe. Amene anawasambitsa ndi Che Amiri, poti wina wodziwa ntchitoyo panalibe.