Lona Limodzi pa Mgona

Tinanyamuka ku Kawale nthawi ya 1 koloko masana, Lachinayi lina mu Disembala, mitambo itayamba kale kuda cha ku Bunda. Pa lole panali mitanda isanu ndi umodzi, uliwonse mamita asanu ndi atatu. Musaganize za mitengo yogwetsa kunkhalango ayi. Anali matabwa a paini wochita kubzala, omwe ndinawamata ndi guluu, lina pamwamba pa linzake, mpaka kusanduka chimtanda chotha kusenza denga. Mayi Chirwa, omwe ankamanga kahotela ka zipinda khumi kuseri kwa Area 25, anakana zitsulo, anakananso mbawa. Koma anandichenjeza: "Ikangonyowa isanapakidwe mankhwala, a Gondwe, ndiitana a zitsulo."

Ine ndinali nditakhoma mabokosi a maliro zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ndinali nditatopa nako kudyera misozi ya anthu. Mitanda imeneyi ndiyo ikananditulutsamo. Ndiye ndinaifunditsa lona langa limodzi lomwelo, n'kumanga zolimba ngati mwana wa kumsana.

Dalaivala, a Mbewe, anandilipiritsa K4,000, koma pa Mchesi anaimabe kuti agule chimanga chootcha.

"Mwaiona mitamboyo?" ndinatero.

"Mitambo sidya, ine ndimadya," anayankha akutafuna. Anthu ena ndithu!

Tikuyandikira Kanengo, minibasi ina inatithwanimira magetsi, kutanthauza kuti kutsogolo kuli apolisi a pamsewu. Mitanda inali itatuluka kumbuyo popanda kansalu kofiira. A Mbewe anati tidzere ku Mgona, ine n'kuvomera. Uchitsiru umenewo unali wanga.

Cha m'ma 3 koloko tinali m'kamsewu kothina, denga la lole likukhula mawaya oyanikapo zovala. Kenaka tinaona masamba atayalidwa chopingasa. Maliro. A Mbewe anazimitsa wailesi, n'kuvula chipewa. Anthu anali atakhala pansi mumsewu momwemo, m'busa akulalikira. Kudutsa kosatheka, kutembenuka kosatheka. Dontho loyamba linagwa pagalasi. Zoonadi, mvula ikakuona litsiro siikata.

Kunabwera bambo wina wachikulire, mkulu wa mpingo, n'kuwerama pazenera.

"Pepani abambo. Nyumba ndi yaing'ono, thupi lili panja. Tibwerekeni lonali."

"Sizitheka," ndinatero, mokweza kuposa mmene ndinkafunira. Amayi omwe anali pafupi anasiya kuimba.

"Pamaliro sakaniza, a Gondwe," a Mbewe ananong'ona. "Mawa ndi inu."

Ndinakwiya. Masabata asanu ndi limodzi a ntchito, ndiwataye chifukwa cha munthu wosamudziwa? Ndinatsika kuti ndiwafotokozere bwino za guluu ndi chinyezi. Apo m'pamene ndinaliona bokosilo, lili pa mabenchi awiri. Zogwirira zake, vanishi wake wofiirira. Linali langa. Lachiwiri la sabata lomwelo ndinaligulitsa kwa mayi wina wa mwana kumsana, yemwe anangopempha chinthu chimodzi: kuti chivundikiro chitseke bwino, dothi lisakagwere amuna ake kumaso. Ndinalonjeza. Koma maganizo anali pa mitanda, ndipo ndinkadziwa kuti kumutu kwatsala mpata wolowa chala. Ndinangoubisa ndi nsalu.

Mvula inayamba kulimba. Ndinamasula zingwe za lonalo ndekha, manyazi ndi mantha pamodzi.

Lona litangochoka, mkulu uja anaomba m'manja. "Amuna! Katundu wa alendo!" Sindinawapemphe. Anthu khumi pa mtanda umodzi, paphewa, akuthamanga m'matope kulowera ku katchalitchi ka malata kapafupi. Ine m'mbuyo ndikukuwa ngati wamisala, "Musagunditse pakona!" Isanu inalowa itangowazidwa pang'ono. Wachisanu ndi chimodzi mvula inaupeza panjira, n'kuusambitsa bwinobwino.

Inakata cha m'ma 5 koloko, anthu atapita kumanda. Mkulu uja anabweza lona atalipinda. "Anamfedwa akuti zikomo," anatero. "Akuti akudziwani, ndinu munawakhomera bokosi labwino."

Tinafika pa malo a hotela dzuwa likulowa. Mayi Chirwa anayendera mtanda uliwonse mosamalitsa. Wonyowa uja anaukana, n'kundipatsa masabata awiri kuti ndikonze wina. Kenaka anayendetsa chala pamene matabwa anakumana.

"Apa ngakhale lezala silingalowe," anatero. "Muli ndi manja abwino, a Gondwe."

M'mawa mwake, ndisanakhudze thabwa lililonse la hotela, ndinatsitsa mabokosi atatu omwe anatsala pashedi panga, n'kuzula zivundikiro zake zonse kuti ndiyambirenso.