Felemu ya kachithunzi ka kumigodi

Ndinayamba kupanga mafelemu chifukwa cha chithunzi cha ukwati wathu. Tinajambulitsa ku Petauke, pafupi ndi msika, ndipo kwa zaka ziwili chinkangokhala mu sutukesi mpaka mphemvu zinayamba kuchidya m'mbali. Tsiku lina mkazi wanga anachitulutsa n'kundiikila pamwendo. "Inu munaphunzila zopala matabwa ku koleji," iye anatelo, "koma onani, mphemvu zatsala pang'ono kufika pa nsapato zanu."

Nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi pa sukulu ina ya pulaimale kudela la Luembe. Zida ndinali nazo zochepa: sowo yaing'ono, chopalila chimodzi, matchizulo awili, sikweya ndi hamala. Zidutswa za mtengo wa mukwa ndinkapempha kwa anthu ocheka matabwa kuthengo. Felemu yoyambayo makona ake sanakumane bwino, moti mipata ndinaitseka ndi utuchi wosakaniza ndi guluu. Zinandinyansa. Ndinakhoma kabokosi kokhala ndi mpata wopendeka woyendamo sowo, ndipo kuyambila pamenepo makona anga anayamba kugwilana. Loweluka lililonse masana munkandipeza pansi pa mtengo wa mango kuseli kwa nyumba, tsitsi lili mbuu ndi fumbi lofiila.

Chovuta chinali galasi. Zaka zimenezo za chipani chimodzi ngakhale sopo ankasowa m'masitolo, ndiye galasi mukanalipeza kuti? Mnzanga wina wa ku Nyimba, wokonza mawindo, ankandisungila zidutswa zosweka, ine n'kumazinyamula panjinga nditazikulunga m'thumba la chimanga.

Mwezi wa Okutobala wina, dzuwa likuswa mtengo, kunabwela mai wina amene sindinkamudziwa. Anali wa zaka ngati makumi asanu, mapazi ali tuu ndi fumbi. Anakhala pansi chapatali, tinapatsana moni, mkazi wanga n'kumupatsa madzi.

"Ndinu aphunzitsi amene mumangila zithunzi nyumba?" anafunsa.

"Ndimayesako chabe, amai."

Anamasula mfundo ya pa chitenje n'kutulutsa kachithunzi kochepa kuposa bokosi la machisi. Panali mwamuna wachinyamata wa masaya olowa, atavala malaya opanda kolala, ndipo paphewa pake panadutsa theka la chidindo cha inki. Pamphumi panali poyela chifukwa chogwilidwagwilidwa.

Anandifotokozela kuti anali mwamuna wake. Anapita kumigodi dziko lisanalandile ufulu, n'kumusiya ali ndi pathupi, ndipo anamwalila komweko ndi chifuwa. Mnzake wa ntchito anabweletsa bulangete, jekete ndi khadi la pantchito. Khadilo linatha ndi chinyontho, koma kachithunzi anakamatula.

"Mwana wanga wamkazi sanawaonepo atate ake," iye anatelo. "Tsopano ali ndi khanda, ndipo aliyense wobwela afuna kugwila kachithunzika kuti aone ngati afanana. Zala zimaliza nkhope, aphunzitsi."

Ndinamuuza kuti abwele pakapita masabata awili. Atachoka ndinaika kachithunziko m'buku, ndipo ndinayamba kuchita mantha, chifukwa ndikanakaononga panalibe kwina kokatenga kena.

Ndinkaganiza kuti felemu yaing'ono ndi yosavuta. Ndinanama. Timatabwa toonda tinkang'ambika ndikangokhoma msomali, ndipo ndinataya tiwili. Pachitatu ndinasintha maganizo. Ndinaona kuti kafelemu kothina kamuchepetsa munthuyo, choncho ndinasankha thabwa lalikulu ngati zala zitatu, lofiila bwino, lokhala ndi mizele yakuda. Ndinadula katoni yoyela ya bokosi la choko, n'kuboola kawindo pakati kuti nkhope ikhale ndi malo opumila, ndipo kawindoko ndinakayeza kuti kabise chidindo chija koma phewa lioneke. M'makona sindinakhomemo msomali. Ndinacheka timipata n'kulowetsamo tizipande ta mtengo woyela, kenako n'kupala mpaka chala chosamva polumikiza. Galasi linasweka kawili pansi pa chodulila changa chobuntha. Galasi lachitatu linaduka mowongoka, ndipo ndinakuwa mpaka nkhuku zinabalalika.

Vanishi ndinalibe. Ndinasungunula phula la njuchi n'kulipaka ndi kansalu, n'kupukuta mpaka mkono unalema. Mukwa ukalandila phula umaoneka ngati wanyowa. Kumbuyo ndinaikako kamwendo kuti iziima yokha pa tebulo, poopa chiswe cha m'zipupa zadothi.

Mai uja anabwela Lachisanu, tsiku limodzi nthawi isanakwane, atanyamula pamutu lichelo la nshawa, mtedza wondilipila nawo. Anapepesa kuti walephela kudikila mpaka mawa lake. Ndinali nditangoweluka, choko chikadali m'manja. Ndinasamba, n'kulowa m'nyumba kukatenga felemu.

Sanailandile msanga. Anayamba wapukuta manja pa chitenje, kenako anaigwila ndi manja awili, n'kuiyang'anitsitsa. Ndinayamba kuganiza kuti mwina wakhumudwa ndi chidindo chimene ndinabisa.

"Ndiye amenewa," anatelo potsiliza, mawu ali pansipansi. "Akuoneka ngati munthu wa ku boma. Akanaseka bambo awa."

Anapukuta maso ndi kuseli kwa dzanja, ndipo anaomba m'manja katatu. Ndinafuna kumukulungila m'pepala kuti isalowe fumbi panjila, koma anakana. Anati amuna akewo akhala m'mfundo zaka zambili, lelo ayende akuona dziko.

Njila yopita kumudzi kwawo inkadutsa pa chitsime cha pafupi ndi sukulu, ndipo kuchokela pakhonde pathu tinkaona zonse. Azimai amene ankatunga madzi anatula ndowa n'kumuzungulila. Felemu inayamba kuyenda m'manja, aliyense akuyamba wapukuta zala. Mmodzi wachikulile anaiyandikitsa kumaso, kenako anakuwa kuti akumudziwa munthu wa pachithunziyo, ndi uja ankaimba ng'oma pa maukwati, amene anathyola mwendo atagwa mu mtengo wa masuku. Wina anamutsutsa kuti unali mkono. Anakangana mpaka mai uja anaseka, n'kuwauza kuti unali mkono wamanzele. Ndinamva wina akufunsa ngati waigula ku Lusaka, ndipo iye analoza nyumba yathu. Mitu yonse inatembenukila kwa ine.

Ndinayesa kuoneka ngati ndikukonza tcheni cha njinga.

"Njingayo ilibe vuto," anatelo mkazi wanga, akusenda nshawa zija. "Imani bwino akuoneni."

Ndinaimilila, n'kukweza dzanja.