Ndinakweza Manja Kuti Amayi Atuluke

Ngakhale lero, fungo la petulo wa jenereta limandibwezera m'kashedi ka ba Sakala, m'mbali mwa msewu wa ku Palabana, mmene tinkaonera mafilimu. Makoma ake anali a masaka ndi malata akale, ndipo m'chilimwe mkatimo munkanunkha thukuta, fumbi ndi mafuta a vitumbuwa. Ine ndinkakonda mafilimu a zigawenga zotsekera anthu m'banki. Chizungu chake sitinkachimva, choncho ba Sakala ankaima pambali pa tivi n'kumamasulira, zina mongopeka. Munthu wanga anali uja wobwera wopanda mfuti, manja ali m'mwamba, wolankhula mofatsa kuti, "Tulutsa mai uyo, ugwire ine." Ankachezetsa chigawenga pamene anzake akulowera kumbuyo. Munkakhalanso wapolisi mmodzi wadyera, koma ameneyo ankagwidwa filimu isanathe.

Chilimwe chimene izi zinachitika ndinali kamtsikana ka giredi faifi. Pampu ya madzi inasowa pa famu imene atate ankagwira ntchito, ndipo atate, kaya ndi mantha kaya n'chiyani, anathawa. Apolisi a pa kapositi kena, kamene pano kulibenso, anabwera n'kutenga amayi m'malo mwawo. Anati adzatuluka mwamuna wawo akadzipereka. Ine ndinali kumjigo, nditabereka mlongo wanga Dalitso, amene anali asanayambe n'kukwawa komwe.

Mayo ine, mwana uja analira! Phala ankalavula. Tinali ndi ng'ombe imodzi yamawanga, Maluwa, imene mkaka wake amayi ankagulitsa kuti tidye. Ndinayesa kumumwetsa ndi supuni, koma unkangoyenderera pachibwano. Amalume anapita naye kupositi kuti akayamwe, koma apolisi anawabweza, ati selo si kiliniki. Kenako kulira kunayamba kuchepa, ndipo zimenezo ndiye zinandiopsa. Liwombo linalowa, milomo inauma gwa. Ndinkamutsina dala kuti alire, ndidziwe kuti alipo. Ndinaona kuti andifera kumsana.

M'mawa wina amalume anachoka osanena kumene akupita. Ine ndinamanga Dalitso m'chitenge n'kuuyamba wa kupositi. Nyenje zinkalira m'mitengo, mchenga unkaotcha mpaka kudutsa patapata, ndipo kamutu kake kankangogunda msana wanga. Pageti ndinakweza manja m'mwamba monga ndinaonera m'mafilimu. Wapolisi wamkulu anali pansi pa mtengo, akudya mango aawisi ndi mchere. 

"Ba bwana, nilibe mfuti," ndinatero. "Tulutsani amai, mugwire ine. Nizankhala mpaka atate abwere."

Anaseka mpaka kutsamwa. Anaitana mnzake kuti adzaone, kenako anandikhazika pa benchi n'kuyamba kundifunsa za sukulu ndi za mafilimu. Atatero anati, "Nanga ija ng'ombe yanu, ichosa mkaka wambiri? Siichita ukali poikama?"

Ndinaona kuti mwayi wafika, chifukwa ndinkadziwa kuti mdani akayamba kucheza suyenera kusiya kulankhula. Ndinamuuza zonse. Ndinati Maluwa ndi wofatsa, amadzaza chigubu m'mawa ndi madzulo, ndipo amakonda gaga wothira mchere. Iye ankangogwedeza mutu, maso ali pa kanjira kodutsa kuseri kwa positi. Munthu wina anatulukira kumeneko pa njinga, n'kumunong'oneza kanthu. Apo wapolisi uja anaimirira, napukuta manja pa thalauza, n'kutenga makiyi.

Amayi anatuluka opanda duku, diresi itanyowa pachifuwa ndi mkaka. Sanandiyang'ane n'komwe. Anamasula Dalitso n'kukhala naye pafumbi pomwepo. Poyamba sanakoke. Amayi anamufinyira m'kamwa, akumuitana dzina mobwerezabwereza, ine nditaima njii, ndikupemphera zosamveka. Kenako ndinamva kumeza kwake, ndipo ndinalira mokuwa.

"Wawina, iwe kamtsikana," anatero wapolisi uja.

Kunyumba tinapeza khola lili pululu, chingwe palibe. Amalume anali pakhonde, mapazi ali mbuu ndi fumbi, ndipo anandiuza kuti Maluwa wapita kumene kuli msipu wabwino. Ndinawakhulupirira. Kwa ba Sakala ndinauza aliyense kuti ndatulutsa amayi ndi pakamwa pangapa, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Dalitso anakula, pano ali ndi ana ake. Atate sanadzipereke, ndipo za pampu palibe anazifunsanso. Wapolisi uja sanagwidwe. Ndili ku sekondale ndinkadutsa pa puloti yake, n'kumaona ng'ombe yamawanga ndi ana ake awiri, yonenepa bwino. Tsiku lija panalidi munthu wodziwa kuchezetsa mnzake pamene zinthu zikudutsa kumbuyo, koma munthuyo sanali ine. Ine ndinangomuphunzitsa kuti gaga azithira mchere.