Labala wa Tadala ali pa kheni yanga

Inu anthu, lero ndiulule. Mdzukulu wanga Tadala amajambula nkhope za anthu pamapepala. Mapensulo ali nawo ambirimbiri, onse akuda, koma akuti ndi osiyana. Kaya amasiyana pati.

Tsiku lina anandijambula theka, nkupita kuchigayo. Kuno kheni yothirira nazale ya fodya ikudontha. Ndikasuzumira m'kabokosi kake, muli kanthu kotuwa, kofewa ngati phula. Ndinati mwanayu ndi wanzeru, amasunga phula. Ndinamata kheni ija, nkuthirira mabedi onse.

Pobwera akuti, "Agogo, labala wanga mwamuona?"

"Labala wanji iwe? Labala amakhala wolimba."

"Wofewa uja, wa ku Lilongwe. Ndalakwitsa mphuno yanu, ndifufute."

Ndikanangonena basi. Koma pakamwa panga panatuluka zakuti, "Mbuzi ya a Nabanda inalowa muno." Mwana mpaka anapita kwa aneba athuwo kukaikalipira mbuziyo.

Sindikumvetsabe kuti phula limafufuta bwanji. Chithunzicho chili pakhoma, mphuno itakhotera kumbali ngati ikuloza njira ya ku Chulu. Alendo akati, "Ndinu ndithu, mayi," ndimangovomera.