Bambo Atayamba Kuphikira Mphaka

Amuna anga sankadziwa n'kuyatsa sitovu komwe. Chikwatirane ku Mangochi mpaka kudzakhala kuno ku Durban, ngakhale tiyi ankadikira ine. Ndiye mumvetse mmene mtima wanga unawawira chaka chimene munthu yemweyo anayamba kuphikira mphaka.

Tinali ndi kashopu ku Sydenham, chipinda chathu chogona chili kuseri kwake. Makoswe anatizunza, kuboola buledi, shuga, ngakhale sopo. Msuweni wawo wa bambo, amene amadula nzimbe ku Tongaat, anatibweretsera mphaka wamkazi wotuwa m'katoni. Ine ndinati azidya makombo monga kwathu. Bambo anati amphaka a kuno ali ndi chakudya chawochawo, ndipo ankamugulira chouma chija chonga timibulu, chotchipa, cha m'thumba lalikulu.

Makoswe anathadi. Koma patapita miyezi, mphaka uja anayamba kusanza, chakudya n'kumangochinunkhiza.

Pafupi nafe pankakhala mayi wina wachizulu, wosakwatiwa, amene ankakolopa kuchipatala cha ziweto ku Musgrave. Tsiku lina akugula mkaka anaona masanzi pakhomo, n'kupempha kuti aone thumba lija. Anawerenga kuseri kwake akupukusa mutu. Chizulu changa n'chochepa, ndinangotolapo "eish" yekha. Atachoka, bambo anandimasulira: akuti m'zakudya zotchipazi amathiramo chimanga chambiri, utoto, mchere, ndi nyama imene satchula kuti ndi ya chiyani. Akuti amphaka ena zimawawononga impso.

"Nyama yosatchula dzina?" bambo anabwereza, nkhope itagwa. "Mayi, mwina takhala tikusunga nkhumba m'shopu muno, pafupi ndi ufa."

Thumba linatayidwa tsiku lomwelo, ndipo bambo anasamba m'manja mpaka m'zigongono ngati akupita kumzikiti.

Kuyambira pamenepo mayi uja sankadutsa osaima. Iye ndi bambo ankaweramira limodzi pafoni, mitu itayandikana, kuwerenga zimene mphaka ayenera kudya ndi zimene zingamuphe. Anyezi ayi, adyo ayi, mchere ayi. Bambo amene ndi ine mumsewu amayenda duu, kuopa kuti anthu angamve Chichewa chathu, ndi mayi ameneyu ankaseka mpaka kuoneka mano a m'mbali. Ine ndinkakhala kuseri kwa kauntala, kupukuta mabotolo opukuta kale.

Kenaka ndinadwala chimfine chachikulu, chija cha nyengo yozizira, thupi lonse kuphwanya. M'mawa wina ndili chigonere ndinamva fungo la ziwindi za nkhuku. Ndinamvanso supuni ikugunda poto, bambo akuimba chapansipansi. Misozi inalengeza. Ndinati Mulungu ndi wamkulu, munthu uja wandikumbukira. Ndinadzuka n'kukhala tsonga, ndinakonza duku kumutu, n'kuyala kansalu pamiyendo.

Analowa atanyamula mbale, akuuzira kuti izizire. Anadutsa pabedi panga n'kukagwada pakona pamene mphaka ankagona.

"Idya mwanawe, idya," ankatero, akumusisita pakhosi.

"Bambo," ndinaitana, "nanga ine?"

Anatembenuka modabwa. "Inu mayi, izi n'zopanda mchere. Ndikugulireni chipisi?"

Ndinagonanso n'kuyang'ana kukhoma. Kunena zoona, chimene chinandipweteka si ziwindi ayi. Kunali kuuzira kuja. Ine zaka zonsezi palibe anandiuzirapo phala.

Nditachira ndinayamba kumutcha mphakayo mkazi mnzanga. Bambo ankaseka, kuyesa nthabwala. Mchemwali wanga nditamuimbira foni kumudzi anaseka mpaka kutsokomola, nati ena akulira ndi akazi a ku Joni, iwe ukulira ndi chona. Ndinadula foni.

Kusanza kutapitirira, mayi wachizulu uja anati bambo apite naye mphakayo kwa dokotala wa kuntchito kwawo, ndipo iye awaperekeza. Apo ndiye ndinaimirira.

"Ndipita ndine," ndinatero. "Shopu titseka."

Tinakwera takisi, katoni ili pamiyendo ya bambo, mphaka akulira njira yonse. Anthu ankatiyang'ana, ife osatulutsa mawu. Kuchipatalako kunali koyera kuposa kiliniki imene ndimapita ine, mipando yofewa, ndipo mtsikana wolandira alendo analonjera mphaka asanalonjere ife. Dokotala, mzimayi wa magalasi, anamupima mimba n'kumwetulira. Bambo anandimasuliranso: mphaka ali ndi bere. Za chakudya chija anati anachita bwino kuchisiya ngati sankachikhulupirira, koma ziwindi zokhazokha tsiku ndi tsiku nazonso zimadwalitsa. Anatisonyeza cha m'masitolo cholembedwa bwino zimene zilimo, nati nyama yophika izikhala yongowonjezera.

Pobwerera bambo ankangomwetulira ngati bere ndi lawo. Anadutsira kubutchala ya halaal n'kugula chidali cha nkhuku. Ndinafunsa ngati n'cha ndiwo zamadzulo. Anati theka.

Madzulo ake ndinawauza zonse, mosakuwa. Ndinati ndimadzuka inu musanadzuke, ndimagona inu mutagona, koma simunawerengepo kuseri kwa botolo la mankhwala anga kuti muone ngati ali abwino.

"Inu mumatha kunena pamene pakupweteka," anatero. "Uyu satha."

"Ndanenatu," ndinayankha.

M'mawa mwake ndinapeza tiyi patebulo, wozizira, shuga wochuluka ngati wa mwana. Ndinamwa yense. Sanabwerezenso, koma mayi uja akabwera anayamba kundiitana kuti ndidzamvere nawo.

Mphaka anaswera m'kabati yanga, pachitenje chatsopano chimene mayi anga ananditumizira pabasi kuchokera kumudzi, chimene ndinali ndisanavalepo. Nditatambasula dzanja kuti ndichichotse, bambo anandigwira pamkono.

"Asiyeni kaye, mayi. Angazizidwe."

Chitenjecho ndinachivala tiana titayamba kuyenda, ndipo ubweya wake sunachoke wonse.