Lole ya matabwa ndi mwendo wa NyaTembo

Ntchito yoyendetsa galimoto ndinaipeza ndili wamkulu kale. Zaka zambiri ndinkakweza matabwa ku Chikangawa, ndipo kuwerenga ndinakuphunzira ku sukulu ya kwacha, imvi zitayamba, kuti ndipeze laisensi. Mnzanga wa ku tchalitchi ndiye anandiperekeza kwa a Shaba, wamalonda wa pa Mzimba boma, amene ankafuna dalaivala wa pikapu yawo ya matola.

Pa pikapupo ntchito inali yosavuta. M'mawa ndinkayang'ana oyilo, madzi, mabuleki ndi mpweya wa matayala, kenako n'kunyamula anthu ndi matumba awo a chimanga. Inshuwalansi yake inkateteza okwera omwe.

Kenako a Shaba anagulitsa pikapu n'kugula lole yonyamula matabwa. Tinapita limodzi kukadula inshuwalansi yatsopano. Mayi wa mu ofesimo atatchula mtengo, a Shaba anaseka, kuyesa nthabwala. Mayiyo anafotokoza kuti galimoto ikakula, zimene ingawononge pa ngozi zimakulanso, ndiye mtengo umakwera. Inshuwalansi imene a Shaba anakwanitsa inali yoteteza anthu ndi katundu amene lole ingawagunde pamsewu, komanso ife okhala kutsogolo. Wokwera kumbuyo sinkamudziwa.

"Matabwa sapita ku chipatala," anatero a Shaba tikutuluka. "A Moyo, kumbuyoko musakwezeko munthu. Mwapulika?"

Ndinamva bwino lomwe. Anthu amene ndinkawanyamula kale ankandiimitsa m'njira, ine n'kumadutsa maso ali kutsogolo. Ena anayamba kunena kuti lole yandipatsa matama.

M'dzinja la chaka chomwecho apongozi anga aamuna anamwalira ku chipatala cha pa boma. Mudzi wawo uli m'mbali mwa msewu wa ku Luwawa, kumene tsiku limenelo ndimayenera kukatenga matabwa, lole ili yopanda kanthu. Mng'ono wa malemuwo, a Tembo, anandipeza pa geti la chipatala.

"Mkweni, galimoto ndi iyi, njira ndi yomweyi. Mbwenu mutinyamule."

Kwathu kuno mkamwini sakana ntchito ya pa maliro a kuchikazi kwake. Akakana, mkazi wake sadzadzutsanso mutu pa mudzipo. Ndinaimbira foni a Shaba. Anati, "Pepani ndi zovutazo. Koma za anthu kumbuyozo ine sindinamve." N'kudula.

Lole ya matabwa ilibe makoma m'mbali, ili ndi zitsulo zoimirira zokha. Bokosi tinaliika pakati, n'kulimanga ndi chingwe chimodzi. Malamba omangira matabwa analipo, koma a Tembo anati munthu wamkulu sangakungidwe ngati katundu. Sindinatsutse. Amayi anakhala mozungulira bokosilo, tenti ili pamitu pawo chifukwa cha mvula, n'kuyamba nyimbo.

Amene sanayendetsepo lole sadziwa kuti yopanda katundu ndiyo yoopsa pa matope. Kumbuyo kumapepuka, matayala sagwira. Titasiya tala, pamtsetse wina wotsikira ku kamlatho, ndinaika giya yachiwiri n'kumatsika pang'onopang'ono. Ndinangokhudza buleki pang'ono. Kumbuyo kunatembenuka, tayala n'kugwera mu ngalande. Lole sinagubuduke, inangopendekeka. Nyimbo inaduka.

Chingwe chija chinali chitatha mphamvu. Bokosi linatsetsereka n'kupanikiza mwendo wa NyaTembo, mng'ono wa mkazi wanga, pa chitsulo cha m'mbali. Tinamuchotsa potukula bokosi la bambo ake omwe. Maliro anaikidwa iye ali ku chipatala, kumene anamudula mwendowo m'munsi mwa bondo.

A inshuwalansi anakana kulipira. Bambo amene anabwera kudzafufuza sanali woipa mtima. Anati, "Akanakhala kuti amayenda pansi inu n'kuwagunda, tikanalipira. Koma anali pamwamba." A Shaba anandichotsa ntchito mwezi womwewo, ndipo sindiwada. Anandiuziratu.

Ndinapita kukamuona NyaTembo atatuluka. Anali mkazi wamasiye, wolima yekha fodya ndi chimanga. Ndinamupeza pakhonde, ndodo zake zili pambali, akuyang'ana munda umene udzu unali utapitirira chimanga. Ndinamufotokozera zonse zimene bambo uja ananena, mawu ndi mawu, poganiza kuti ndi bwino azimve kwa ine.

Anaseka pang'ono. "Ndiye alamu, mukanangondigunda."

Papita zaka, maso anga sakuonanso bwino msewu. Madalaivala akandiuza kuti abwana awo agula galimoto yaikulu, ndimawauza kuti asafunse mtengo wokha wa inshuwalansi. Afunse kuti ikuteteza ndani, wokhala pati. Ndimawauzanso kuti bokosi limangidwe ndi malamba, akulu akwiye. Koma akandifunsa kuti munthu angakane bwanji kunyamula maliro a apongozi ake, ndimangowauza kuti ineyo ndinalephera kukana. Dzinja lililonse ndimakalima munda wa NyaTembo ndisanayambe wanga, iye n'kumathokoza kuti, "Yewo chomene, alamu." Mawu amenewo amandipweteka kuposa aja oti ndikanangomugunda.