Tsache la Amayi Jesca ndi Masamba a pa Loji

Munali m'chaka cha 2009, nyengo ya mphepo ya Ogasiti mitengo ikuyoyola masamba, pamene amayi Jesca Mbewe anayamba ntchito yosesa pa loji ya a Boaz Sakala ku Chiparamba. Tsiku lake linali Lolemba, pa 3. Anali ndi zaka 46, mwamuna atamwalira, ana atatu, Nomsa ndi ang'ono ake, ali pasukulu.

Malowo kale anali munda wa fodya, wotheratu chonde, zigwembe ponseponse. A Sakala anaugula, anadzalamo mitengo, n'kumanga nyumba zisanu ndi imodzi zofolera ndi udzu koma za mabedi ofewa ngati thonje. Magetsi anali a sola. Alendo ankadya zolimidwa pomwepo, ndipo antchito onse anali a m'midzi yozungulira. Lamulo lalikulu linali limodzi: tsamba likagwa, lisawotchedwe. Liphimbire nthaka, liwolere pompo.

Koma amayi Jesca anakulira ku mishoni ya Tamanda, m'nyumba ya aphunzitsi, kumene bwalo losasesa linali pafupifupi tchimo. Kumeneko mtsikana ankasesa mpaka nthaka kuwala, n'kuyatsa zinyalala dzuwa lisanakwere.

Pa 12 Seputembala, tsiku lofika alendo oyamba, amayi Jesca analawirira. Anasesa pabwalo, pansi pa mitengo ya mapapaya, mpaka m'mabedi a tomato. Masamba amene anthu anatuta ndi ngolo kwa milungu itatu anapsa onse isanakwane seveni koloko.

A Sakala anafika akuthamanga, sopo wometera ali kutsaya.

"Amayi! Mwandiwotchera chiyani?"

"Zinyalala, abwana. Musathokoze, ndi ntchito yanga."

"Chimenecho chinali chakudya cha nthaka!"

"Nthaka ili ndi kamwa? Anthu achokera ku Lusaka konse kudzagona pa dzala?"

A Sakala anafotokoza mofatsa za chinyezi ndi nyongolotsi, kenaka anamaliza mosafatsa: "Ndikadzaonanso utsi pano, tsache mudzasiye pageti."

Kuyambira pamenepo amayi Jesca ankasesa m'zipinda ndi m'makhonde basi. Akamadutsa pabwalo ankayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mbalame, dzanja likuyabwa.

Mayesero enieni anabwera pa 21 Ogasiti 2010. Amayi a Chigwirizano a mpingo wawo anapempha kudzaona malowo, ndipo wowatsogolera anali amayi Rabecca Jere, amene ankapikisana nawo kusesa kuyambira ali Giredi 2. Kuwasiya masambawo kunali kudzivula ulemu pamaso pa Rabecca. Kuwawotcha kunali kuchotsa ana sukulu.

A Sakala atangopita ku tauni kukagula mchere ndi sopo, amayi Jesca anagwira tsache. Anasesa bwalo lonse, nalemba pamchenga timizere tokhota ngati mamba a nsomba, monga anawaphunzitsira mayi awo. Machesi anali m'thumba ndithu, koma sanawakhudze. Masambawo anawalonga m'matumba khumi ndi anayi, n'kubisa kuseri kwa khola la nkhuku.

"Koma Jesca, dzanja likadalipo," anatero amayi Rabecca atafika n'kuona bwalolo, mawuwo akutuluka movutikira.

Minibasi ya azimayi itangokhota, amayi Jesca anayamba kukhuthula matumba, kumwaza masamba monga anawapezera. A Sakala anawapeza ali pa thumba lachisanu ndi chinayi, akuponda-ponda kuti azioneka akalekale.

"Amayi a Nomsa, mukutani?"

"Ndikudetsa pabwalo panu, abwana. Si ndiyo ntchito mumandilipira?"

"Mwasesa?"

"Utsi mwauona?"

A Sakala anakhala pansi pa chitsa, kuseka mpaka kutsokomola. M'mawa mwake anawapimira kanjira kochokera pageti kufika kuchipinda chodyera, mapazi makumi anayi, n'kunena kuti kameneko ndi kawo, asese mmene angafunire, bola masamba apite kudzenje la kompositi.

Kanjirako kanatchuka kuposa mabedi ofewa aja. Alendo ankajambula timizere tija ndi mafoni, ena n'kumalambalala kuopa kupondapo. Mzungu wina wa ku Holland anapempha kuphunzira. Anasesa kwa ola lathunthu, ndipo amayi Jesca anamuuza moona mtima kuti ku Tamanda sakanakwatiwa.

Zaka zinapita, zigwembe zinatsekeka, chitsime chinaleka kuphwa mu Okutobala. Amayi Jesca sanavomerepo pakamwa kuti abwana ankanena zoona. Ankangoti, "Malo ano ali ndi mwayi."

Potsazikana, amayi Jesca akupuma pantchito, a Sakala anawapatsa bulangeti, nafunsa ngati pali china chimene mtima ukufuna. Iwo anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Matumba asanu a masamba. Ndili ndi kadimba kuseri kwa nyumba ya Nomsa, kumene Rabecca safika."

Anakwera galimoto ya loji pamodzi ndi matumba awo, tsache ali nalo pamiyendo, kupita kwa mwana wawo Nomsa ku Kapata. Linali Lachisanu, pa 30 Juni 2023.